Phunziro 17: Injini ya boti nayo ili ndi dzinja lake

Mvula yoyamba ikagwa, ambiri a ife timapachika ukonde n'kutenga khasu. Munda sudikira munthu. Chimanga, mpunga ndi chinangwa zimafuna manja a tonse. Boti timalikokera kumtunda. Nanga injini? Injini ena amaisiya m'boti momwemo, ena pansi pa mtengo wa mango, ena pakona ya nyumba. Timati tidzaiona tikamaliza kupalira.

Ikapita miyezi iwiri kapena itatu, timabwerera kugombe. Kukoka chingwe, injini ili chete. Kukokanso, ili chete. Apa ndiye pamayamba kulozana zala. Wina akuti makaniko anaba chitsulo. Wina akuti petulo ndi wachinyengo. Wina mpaka akuti pali dzanja la munthu. Koma kawirikawiri palibe waba, palibe walodza. Injini yadwala chifukwa chongokhala.

Tiwerenge pamodzi mokweza:

Injini imatha ikamagwira ntchito.
Injini imathanso ikamangokhala.

Anzathu, injini si khasu. Khasu likathyoka mpini timalowa m'thengo n'kudula wina. Injini ikafa tiyenera kusonkha ndalama ndi kutuma munthu ku Metangula, mwina mpaka ku Lichinga, ulendo wa makilomita oposa 100. Akafika, mwina kachitsulo kamene akufunako kulibe. Masabata akupita, usipa ukudutsa, ngongole ya kooperativa siima. Ndipo pali china choposa ndalama. Injini yodwala nthawi zina imalira bwinobwino pagombe, n'kukazima pakati pa nyanja usiku. Nyanja yathu ya Niassa pena ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Mphepo ya vuma ikatsika m'mapiri a kum'mawa imakankhira boti kutali ndi gombe lathu. Za mwera sitinena n'komwe, mafunde ake tonse tikuwadziwa. M'botimo muli abambo a ana. Muli achimwene athu.

Kumayiko ozizira monga Norway ndi Canada, eni maboti amakonza injini zawo chaka chilichonse chisanu chisanafike. Kumeneko madzi amauma gwa ngati mwala. Madzi akaundana amafufuma: malita 100 amafuna malo a malita 109. Ngati m'mwendo wa injini mwatsalira madzi, chitsulo chimang'ambika. Munthu amene anatchukitsa injini zopachika kumbuyo kwa boti, Ole Evinrude, anabadwira ku Norway komweko, ndipo anayambitsa kampani yake ku Milwaukee, ku America, mu 1909. Injini za dzina lake zinasiya kupangidwa mu 2020. Kwathu kuno madzi saundana ngakhale mu Juni. Koma ife tili ndi zathu: chinyezi, dzimbiri, mchenga, makoswe ndi mavu. Choncho ntchito yambiri imene iwo amachita poopa chisanu, ife tiichite poopa mvula.

TIIDZIWE KAYE

Injini ili ndi mutu, mwendo ndi pulopela. M'mutu ndimo mumayaka moto. Mwendo ndi umene umalowa m'madzi, ndipo kunsi kwake kuli magiya. Pulopela, imene ena amati helise, ndiyo imapalasa.

Injini zili mitundu iwiri. Zina oyilo wake timathira m'petulo. Zina oyilo amakhala payekha, monga m'galimoto. Kuno kunyanja timaona kwambiri za mtundu woyamba, monga Yamaha Enduro ya 15 ndi ya 40. Phunziro lino likunena za zimenezo.

TSIKU LOSUNGA INJINI

Tisankhe tsiku limodzi mvula isanalimbe. Isakhale ntchito ya madzulo anthu atatopa kale. Tikonzeretu mgolo, madzi oyera, sopo, nsanza zoyera, sipanala, pulayala, chomasulira mabawuti, girizi wosasungunuka m'madzi, oyilo wosakaniza, oyilo wa magiya ndi chitini chopanda kanthu. Kope ndi pensulo zisasowe. Tiyale mphasa pansi. Kabawuti kakagwera mumchenga, ndiye kapita basi.

Tiyambe ndi pulopela. Tizule zipewa za mapulagi, giya ikhale pakati, kuti injini isalire mwangozi. Pulopela imadula zala. Tiwongole pini, tiitulutse. Tiike kamtengo pakati pa pulopela ndi chitsulo chafulati cha pamwamba pake kuti isazungulire, kenaka timasule nati. Zonse tizindandalike pamphasa monga momwe zatulukira: pini, nati, washala, pulopela, ndi washala wamkulu wa kumbuyo. Amene akulemba ajambule mndandandawu m'kope. Pakatha miyezi itatu mutu umaiwala.

Tsopano taonani kumbuyo kumene kunali pulopela. Nthawi zambiri timapezako ulusi wa ukonde kapena wa mbedza utakulungika. Pulopela ikakhalapo suoneka. Ulusiwu ukatentha umasungunuka n'kuuma ngati mphete yakuda. Mpheteyo imadya kalabala kotchinga madzi, kamene amakaniko amati silu. Silu ikadyeka oyilo amatuluka, madzi amalowa, magiya amayamba kudyana okhaokha. Kaulusi kopanda mtengo kamapha chitsulo chodula. Tiuchotse wonse ndi kampeni, mosamala kuti tisacheke silu. Ife oponya chilimira tisadikire dzinja kuti tione kumeneku. Tizionako kawirikawiri.

KUTSUKA M'KATI

Wina afunsa kuti: "Injini yathu imayenda m'madzi abwino opanda mchere. Titsukiranji?" Zoona, a ku Beira ndi a ku Pemba ndiwo ali ndi mchere, ndipo iwo ayenera kutsuka akangochoka panyanja. Ife mchere tilibe. Koma tili ndi mchenga ndi ndere, makamaka pamene mitsinje imathira m'nyanja. Anzathu a ku Cahora Bassa ndi ku Zumbo ali ndi matope a Zambezi. Zimenezi zikaumira m'kati zimatseka njira za madzi.

Injini imazizira ndi madzi amene ikuyendamo. M'mwendo muli kagudumu ka labala ka mapiko, dzina lake impela. Kagudumuka kamakoka madzi n'kuwakankhira kumutu. Umboni wake ndi kamadzi kaja kotuluka kumbuyo, kamene timati injini ikukodza. Impela imaterereka ndi madzi omwewo. Ikazungulira pouma, imapsa mphindi imodzi isanathe. N'chifukwa chake tikuti injini isalizidwe pamtunda, ngakhale kungoyesa. Chizolowezi chimenechi chilipo pakati pa anyamata, kufuna kumvetsa anthu kuti injini ikulira. N'choipa, tichisiye.

Tipachike injini pathabwa lolimba, mwendo ulowe mumgolo. Tithire madzi oyera mpaka apitirire chitsulo chafulati chija ndi chikhatho chimodzi. Tibwezere zipewa za mapulagi. Tilize injini, giya ili pakati, iziyenda pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu kapena khumi. Maso akhale pa kamadzi kotuluka. Ngati kakutuluka mwamphamvu, zili bwino. Ngati kakudontha chabe, tilembe m'kope kuti impela ionedwe.

Ntchito iyi ichitikire panja. Utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka.

PETULO AMAVUNDA

Injini ikadali kulira mumgolomo, tizule paipi ya petulo. Ipitiriza pang'ono, kenaka idzazima yokha. Yamwa petulo amene anali m'kabuleta. Koma pansi pa kabuleta pamatsalabe wina. Pali kabawuti kokhetsera. Tiike nsanza pansi, tikamasule, petulo akhe yense, tikamangenso. Kasefa ka petulo nako tikatsegule, tikatsuke.

Bwanji tikuvutika chonchi? Chifukwa petulo si nyemba zouma zoti n'kusunga mpaka chaka chamawa. Petulo amavunda. Mbali yake yopepuka, imene imayaka msanga, imauluka. Chotsala chimanata ngati ulimbo. M'kabuleta muli timabowo tating'ono ngati ta singano. Ulimbo uja ukatseka kabowo kamodzi, tidzakoka chingwe mpaka phewa kupweteka. Ndipo tikatero wina amatenga waya n'kuyamba kutokosa. Waya amakulitsa bowo, injini imayamba kumwa petulo wambiri mpaka kalekale. Ayi, tisatokose.

Pali chinanso. Petulo wina amakhala wosakaniza ndi ethanol. Wa ku Malawi ndi wotere kuyambira mu 1982, ndipo ethanol wake amachokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya monga umachitira mchere nthawi ya mvula. Madziwo akachuluka amatsikira pansi pa thanki, ndipo paipi imayamwa pansi pomwepo.

Choncho tisasunge petulo wosakaniza kale dzinja lonse. Maulendo omaliza tiwawerengere kuti thanki ithe. Wotsala timupatse boti limene likupitabe kunyanja. Koma tamverani, anzathu: petulo wotsala asathiridwe mu nyali ya parafini, ngakhale pang'ono. Nyali imaphulika. Asakolezere moto, asatayidwe m'nyanja. Thanki yopanda kanthu titseke kabowo kake ka mpweya, tiisunge pamthunzi, kutali ndi khitchini ndi ana.

OYILO M'MUTU

Titulutse injini mumgolo, iime chilili mpaka madzi onse akhe. Tichotse kachingwe kofiira kozimitsira. Tsopano timasule mapulagi, amene ena amati vela.

Pulagi nayo imawerengeka ngati buku. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati dothi louma, injini ikudya bwino. Ikakhala yakuda ndi yonyowa, oyilo kapena petulo akuchuluka. Ikakhala yoyera mbee, injini ikutentha kwambiri, ndipo pamenepa tifunse makaniko. Tilembe zimene taona.

M'bowo lililonse la pulagi tithiremo supuni yaing'ono imodzi ya oyilo wosakaniza uja. Tikoke chingwe pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu, kuti oyilo afike ponseponse. M'mutu wa injini muli zitsulo zosalala zopanda penti. Chimene chimaziteteza ndi kaoyilo kopyapyala basi. Injini ikamagwira ntchito, kaoyiloka kamabwera katsopano tsiku ndi tsiku. Ikangokhala, kamatsika, mpweya wa chinyezi umalowa, dzimbiri limagwira. Dzimbiri la m'kati silioneka. Timadzalimva ndi khutu injini itayamba kulira ngati chigayo, nthawi itatha kale.

Pobwezera pulagi tiyambe ndi zala. Sipanala ibwere pomaliza, pang'ono pokha. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, chitsulo chofewa. Tikakakamiza pulagi yolowa mokhota, mano a m'bowo amadyeka.

OYILO WA MAGIYA

Pano tidekhe, chifukwa ndi pamene ambiri amalumpha. Oyilo wa m'petulo tonse timamukumbukira, poti timamuthira tsiku lililonse. Wa m'mwendo saoneka, ndiye amaiwalika. Pali maboti amene chigulireni injini, kumwendoku sikunatsegulidwe.

Pamwendo, chakunsi, pali timabawuti tiwiri. Kena kali pansi, kena kali pamwamba. Injini iime chilili. Tiike chitini. Timasule kapansi, kenaka kapamwamba. Oyilo ayamba kutsika. Tisafulumire, akhe yense.

Tsopano tonse tisendere pafupi, tione mtundu wake. Ngati ali ngati uchi, kapena wada koma ndi wosalala, zili bwino. Ngati ali ngati tiyi wothira mkaka, madzi alowa. Ngati poyamba patuluka madzi enieni, ndiye alowa ambiri. Ngati akunyezimira ndipo pakati pa zala tikumva timiyala, magiya akudyana. M'injini zambiri kabawuti kapansi kamakhala ndi maginito kunsonga. Kafumbi kosalala ngati mwaye pamaginitopo sikoopsa. Tizidutswa tachitsulo n'toopsa.

Tikapeza madzi kapena tizidutswa, tisangothira oyilo watsopano n'kutseka pakamwa. Tinene pamsonkhano. Dzinja ndiyo nthawi yabwino yotengera mwendo kwa makaniko, chifukwa boti silikupita kulikonse. Silu ndi yotsika mtengo. Magiya ndi odula kwambiri. Madzi akagona m'magiya miyezi itatu, tidzagula magiya.

Oyilo watsopano pabotolo pake palembedwe SAE 90, wa magiya. Tiwerenge zilembozo tokha, tisangomva za wogulitsa. Wa m'galimoto wakudawakuda ayi. Wophikira ayi. Injini ya 15 imalowa pafupifupi mamililita 250, ndiye kuti kotala ya lita. Zazikulu zimalowa woposa apo.

Kathiridwe kake n'kodabwitsa: timathira kuchokera pansi. Tilowetse kamwa ya botolo m'bowo lapansi, tifinye pang'onopang'ono mpaka oyilo atulukire m'bowo lapamwamba. Bwanji osathira pamwamba ngati m'chigubu? Chifukwa m'katimo ndi mothina. Tikathira pamwamba mpweya umatsekeredwa pansi, ife n'kumati mwadzaza, pamene muli theka. Tikathira pansi oyilo amakankhira mpweya kunja. Akatulukira pamwamba, tisachotse botolo. Timange kaye kabawuti kapamwamba. Kenaka tichotse botolo, msangamsanga timange kapansi. Mukayesa mudzaona kuti wotayika ndi wochepa. Zili ngati bango lodzaza madzi: ukatseka kumwamba ndi chala, madzi satsika. Kabawuti kalikonse kali ndi kawashala kofewa. Kakaphwanyika tiike katsopano, chifukwa napo madzi amalowera.

Oyilo wakale akhale m'chitini chotseka. Asapite m'nyanja. Madzi amenewo ndi amene timamwa.

Oyiloyu amasinthidwa pa maola 100 alionse, ndiponso nthawi iliyonse yosunga injini. Tiwerengere. Ngati injini imalira maola 4 pa usiku umodzi, maola 100 akwana pa mausiku 25. Si chaka ayi. Si mwezi wathunthu n'komwe.

Zotsala n'zachidule. Tipake girizi pachitsulo cholowa pulopela, pa mabawuti awiri omangira injini kuboti, ndi ponse pamene pamatembenuka. Tibwezere pulopela ndi pini yatsopano ngati yakale yatopa. Titsuke kunja ndi sopo, tipukute, pokalika tipake penti. Pamwendo pali kachitsulo kotuwa kooneka ngati kadyedwa. Kameneko tisapake penti. Ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa mwendo. Kakatsala theka tigule kena.

MALO OGONA

Injini imagona choimirira. Tikhome mitengo iwiri m'nyumba ya kooperativa, tipingase thabwa, tiipachike monga imakhalira paboti, mwendo usakhudze pansi. Ngati tiyenera kuigoneka ponyamula, mutu ukhale pamwamba kuposa mwendo. Mwendo ukakwera, madzi otsalira amayenderera m'njira ya utsi mpaka kukalowa m'mutu. Anyamata awiri akanyamula injini paphewa, wamtali agwire kumutu.

Tisaiike chipinda chimodzi ndi matumba a feteleza. Feteleza amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo. Onani momwe limathera khasu losiyidwa pathumba la feteleza. Tisaiikenso pafupi ndi chimanga kapena usipa wouma, chifukwa kumeneko ndi kwa makoswe. Khoswe amakonda kumanga chisa m'chivundikiro cha injini, ndipo amatafuna mawaya ndi mapaipi.

Mavu aja omanga ndi dothi nawo amakonda kabowo kotulukira madzi. Amakamata bwinobwino ngati mmisiri. Titsekepo ndi kamtengo kosongola kotulukira kunja, kuti tidzakaone. Tilembenso m'kope kuti tatseka, kuopa kudzaiwala kuchotsa.

Tifunditse ndi nsalu kapena chiguduli. Pepala la pulasitiki lomanga zolimba limachititsa thukuta m'kati. Denga lisadonthe, chitseko chikhale ndi loko. Pa masabata awiri alionse munthu mmodzi apite, avundukule, aone za makoswe, akoke chingwe pang'onopang'ono katatu, kachingwe kofiira katachotsedwa. Kukoka ndi dzanja mofatsa chonchi sikupsereza impela.

NDANI ACHITE?

Funso ili ndi lovuta kuposa la magiya. Injini ya munthu mmodzi mwini wake amaigonera tulo tochepa. Injini ya kooperativa ndi ya tonse, ndiye aliyense amaganiza kuti mnzake waiona. Pogula tinavina tonse. Pa tsiku la girizi aliyense ali ndi maliro kutsidya. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tinalira injini, ndiye girizi ndi wathu.

Ife tikuona kuti njira yabwino ndi iyi. Msonkhano usankhe anthu awiri oyang'anira injini, mayina awo alembedwe. Mmodzi akhale wodziwa zitsulo, wina akhale wosunga kope. Wosunga kope sayenera kukhala wopita kunyanja ayi. Amayi amene aphunzira kulemba m'kalasi muno angathe, ndipo ambiri a iwo amasunga kale mawerengero a usipa bwino kuposa amuna awo. Pa nsomba zilizonse zogulitsidwa tizipatula kandalama ka injini, kasanagawidwe kena kalikonse.

M'kope sitilemba zambiri. Taonani chitsanzo:

14 Novembala. Tasintha oyilo wa magiya. Anali wakuda, wopanda madzi.
14 Novembala. Pulagi yapamwamba yofiirira, yapansi yakuda.
14 Novembala. Tatseka kabowo ka madzi ndi kamtengo.
28 Novembala. Takoka chingwe. Makoswe palibe.

Mizere inayi yokha. Koma makaniko akaiwerenga amadziwa poyambira, ndipo sangatigulitse chitsulo chimene tinasintha mwezi watha. Pamsonkhano napo mikangano imachepa, poti kope silikondera mbale.

KUIDZUTSA

Ntchito ya kumunda ikapepuka, tisadzutse injini tsiku lomwe tikufuna kupita kunyanja. Tiidzutse kutatsala sabata. Tiyambe ndi kuwerenga kope. Tichotse kamtengo kaja. Tione mawaya. Tipinde paipi ya petulo ndi kampira kopopera. Ngati zauma kapena zili ndi ming'alu, tisinthe. Tione chingwe cholizira ngati chayamba kunyotsoka. Impela ikakhalitsa mapiko ake amauma n'kupindika. Makaniko aziiona chaka chilichonse, ndipo isapitirire zaka zitatu osasinthidwa.

Tigule petulo watsopano, tisefe pothira. Oyilo wosakaniza pabotolo pake tifune zilembo izi: TC-W3. Chilembo W chikuimira madzi m'Chingerezi, kutanthauza injini zozizira ndi madzi. Botolo longolembedwa 2T nthawi zambiri ndi la njinga yamoto, imene imazizira ndi mphepo. Si limodzi.

Injini zambiri za kuno zimafuna muyeso wa 50:1. Tiwerenge kuti: magawo 50 a petulo, gawo limodzi la oyilo. Tione pachivundikiro kapena m'buku la injini yathu ngati palembedwa chimodzimodzi. Muyeso wake ndi uwu:

Lita 1 ya petulo, oyilo mamililita 20.
Malita 5, mamililita 100.
Malita 10, mamililita 200.
Chigubu cha malita 20, mamililita 400.
Malita 25, mamililita 500, ndiye theka la lita.

Injini yatsopano, kapena yongokonzedwa kumene m'kati, imafuna oyilo wowirikiza kawiri, 25:1, pa maola 10 oyamba.

Tisayese ndi maso. Tipeze botolo loonekera m'kati, tilembe mizere pa 100, pa 200 ndi pa 400, likhale la ntchito imeneyi yokha. Tiyambe kuthira oyilo ndi petulo pang'ono, tikhutchumule, kenaka tidzaze. Ena amachepetsa oyilo kuti apulumutse ndalama. Amenewo akuphika injini. Ena amawonjezera dala, amati kuchuluka sikulakwa. Kumalakwa ndithu: utsi umachuluka, pulagi imada, mwaye umadzaza m'kati. Koma pa zolakwa ziwirizi choopsa kwambiri ndi kuchepetsa, chifukwa pulagi yakuda timapukuta, pamene pisitoni yogwira timagula ina.

Timange injini paboti zolimba, tiimangirirenso ndi chingwe kuti ikamasuka isamire. Mwendo uli m'madzi, tipope kampira mpaka kalimbe, tilize. Poyamba ituluka utsi wambiri. Tisaope, ndi supuni ya oyilo ija ikupsa. Koma maso pa kamadzi. Ngati sikakutuluka, tizimitse pomwepo, tisati mwina katuluka kutsogoloku.

Tiyende pafupi ndi gombe kwa theka la ola, masana, kutsogolo ndi kumbuyo. Tikabwera tione ngati pamadzi pakuyandama oyilo pafupi ndi pulopela. Ikapambana mayeso amenewa, ndiye ipite usiku. M'boti musasowe nkhafi, chokapira madzi, majekete oyandamitsa, pulagi yapadera ndi sipanala yake, pini, ndi chingwe china cholizira.

NTCHITO YA M'KALASI

Tilembe mawu awa m'kope, katatu lililonse: injini, impela, pulagi, girizi, dzimbiri.

Tiwerengere. Boti lathu latenga malita 15 a petulo. Pa muyeso wa 50:1, tithira oyilo wochuluka bwanji? Nanga injini ikakhala yatsopano?

Injini imalira maola 5 pa usiku. Oyilo wa magiya tisintha patapita mausiku angati?

Mawa aliyense amene ali ndi botolo la oyilo kunyumba, lodzaza kapena lopanda kanthu, abwere nalo. Tidzawerenga pamodzi zimene zalembedwapo. Oyang'anira injini abweretse chitini ndi chomasulira mabawuti, chifukwa tikaweruka tidzatsikira kugombe kukatsegula mwendo.